Kodi Nzeru za Elliot Berg Zinatha Ntchito?

Awa ndi mau amene anayankhulidwa pamaso pa mafumu, atsogoleri a Chipani ndi alimi pa Madisi, m'boma la Dowa.



Chaka chiri chonse mvula ikamayandikira, pa Madisi pamabuka mkangano umodzi umene sutha. Ena amati Boma liri ndi udindo wotsitsa mtengo wa feteleza ndi wogula mbeu za alimi kudzera m'misika ya ADMARC. Ena amati Boma lisiye malonda m'manja mwa amalonda, pakuti pamene Boma laika dzanja pamachuluka mizere, ziphuphu ndi ngongole. Anthu amene amakangana chotere pa chigayo, pa sitolo ndi pokwerera basi mwina sadziwa kuti mkangano wao ndi womwewo umene akatswiri a za chuma akhala nao m'masukulu a ukachenjede kwa zaka zoposa 40. Pakati pa mkanganowo pali dzina la munthu mmodzi, Elliot Berg, ndipo funso loyenera kuyankhidwa lero ndi ili: kodi nzeru zake zinatha ntchito, kapena zikadali ndi moyo?

Elliot Berg anali mbadwa ya ku America, mphunzitsi wa za chuma pa Yunivesite ya Michigan, amene anatha zaka zambiri akufufuza za chuma cha maiko a mu Africa. Mu 1981 iye anatsogolera gulu limene linalemba lipoti la Banki Yaikulu pa Dziko Lonse, ya World Bank, ndipo lipotilo linatchuka kwambiri kotero kuti mpaka lero limadziwika ndi dzina lake. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1980, atsogoleri a maiko a mu Africa anali atagwirizana ku Lagos kuti mavuto a chuma cha Africa akuchokera makamaka kunja, ndi kuti mankhwala ake ndi kudzidalira. Berg anatembenuza chala naloza m'nyumba momwemo.

Mfundo zake zikuluzikulu zinali zinai. Yoyamba inali yakuti mabungwe a Boma ogula mbeu amalipira mlimi mtengo wotsika, ndipo mlimi wolipidwa pang'ono sachita khama. Yachiwiri inali yakuti ndalama ya dziko ikapatsidwa mphamvu yoposa imene iri nayo, wopindula ndi munthu wa m'tauni wogula katundu wakunja, pamene mlimi wolima mbeu zogulitsa kunja ndiye amaluza. Yachitatu inali yakuti Boma lichepetse kuchita malonda ndi kutsitsa mitengo, kuti amalonda apikisane okha. Yachinai, imene anthu ambiri amaiwala, inali yakuti maiko olemera awirikize kawiri chithandizo chao ku Africa.

Mau awa anafika m'Malawi pa nthawi ya mavuto. Mtengo wa mafuta unali utakwera mu 1979, chilala chinagwa mu 1980, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inadzatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, kumene katundu wa dziko lino ankadzera. Motero mu 1981 Malawi anatenga ngongole yake yoyamba yokonzanso chuma, ndipo ngongole zina zinatsatira, iri yonse ndi malamulo ake ochokera m'maganizo amenewa. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakuthwa kamameta bwino ndiponso kamatema, choncho ndi bwino kuunika mutu umene unametedwawo. Pa bwalo la mfumu mlandu sagamula atamva mbali imodzi, ndipo mlandu uwu uyeneranso kumvedwa mbali zonse ziwiri.

Oimba mlandu, amene amati nzeru za Berg zinatha ntchito, ali ndi umboni wolemera. Mu 1987 Boma linalola amalonda wamba kugula mbeu kwa alimi, ndipo ADMARC inatseka misika yambiri imene inkaoneka yosapindulitsa. Chiyembekezo chinali chakuti pamene ADMARC yachoka, amalonda adzathamangira. Pa Madisi ndi pa Mponela, m'mbali mwa mseu waukulu wa M1, amalondawo anafikadi. Koma m'mapiri a ku Ntchisi ndi m'midzi imene galimoto silifika mvula ikagwa, wamalonda sanafike, ndipo kumene anafika anali yekha, ndi sikelo yake ndi mtengo wake. Mpikisano umene Berg ankayembekeza umafuna amalonda ambiri, miseu yabwino, nyumba zosungiramo mbeu ndi mabanki okongoza ndalama, ndipo zonsezi kumudzi kunalibe. Chaka chomwecho chakudya chinachepa m'dziko muno, pamene othawa nkhondo a ku Mozambique ankalowa miyandamiyanda, ndipo Boma linakakamizika kukweza mtengo wogulira chimanga ndi kubwezeretsa chithandizo cha feteleza chimene linali litayamba kuchotsa.

Umboni wachiwiri ndi wa m'zaka za m'ma 1990. Chilala chachikulu cha 1992 chitadutsa, ngongole za makalabu zimene alimi ankatengera mbeu ndi feteleza zinasokonekera mpaka kutheratu. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti ipeze yokha mtengo wake pa msika, ndipo inagwa kwambiri. Pofika pakati pa zaka zimenezo chithandizo cha feteleza chinali chitachotsedwa chonse. Mlimi anatsala wopanda ngongole, wopanda chithandizo, ndipo thumba la feteleza linakwera mtengo koposa mphamvu zake. Pamene Boma linagawa timapaketi ta mbeu ndi feteleza, totchedwa Starter Pack, kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni mu 1998 ndi mu 1999, nkhokwe zinadzaza. Pamene timapaketito tinachepetsedwa m'zaka zotsatira, zokolola nazo zinatsika.

Umboni wachitatu ndi umene wamkulu aliyense wa m'chigawo chapakati amaukumbukira ndi misozi. Bungwe la IMF linalangiza kuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chichepetsedwe kuchoka pa matani 165,000 kufika pa 60,000, pofuna kubweza ngongole. Chimangacho chinagulitsidwa pafupifupi chonse. Zokolola za 2001 zitavuta, mtengo wa chimanga unawirikiza kangapo, anthu anadya madeya ndi mizu, anagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wozizira, ndipo ambiri anamwalira. Mu February 2002 Boma linalengeza kuti m'dziko muno muli ngozi ya njala.

Umboni wachinai ndi wa mu 2005. Zokolola za chaka chimenecho zinali matani pafupifupi 1.2 miliyoni okha, ndipo anthu pafupifupi 5 miliyoni anafunika chakudya chachithandizo. Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amenenso anali katswiri wa za chuma ndipo anatsogolerapo bungwe la COMESA, anakhazikitsa ndondomeko ya makuponi, ngakhale kuti ena mwa opereka chithandizo sanakondwere nayo. Mlimi ankagula thumba la makilogalamu 50 la feteleza wa chimanga pa K950. Malinga ndi ziwerengero za Boma, zokolola zinafika pa matani pafupifupi 2.6 miliyoni mu 2006, ndipo zinapitirira matani 3 miliyoni mu 2007. Mu 2006 atsogoleri a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti feteleza wothiridwa m'minda akwere kuchoka pa makilogalamu 8 kufika pa 50 pa hekitala. Ndipo Banki Yaikulu yomwe ija, m'lipoti lake la za ulimi la 2008, inavomera kuti m'madera ambiri Boma litachoka amalonda sanalowe m'malo mwake monga momwe anthu ankayembekezera.

Mwa oimba mlanduwa munali mwana wa dziko lino, Pulofesa Thandika Mkandawire, amene ali mnyamata analembapo nyuzipepala ya Malawi News, ndipo pambuyo pake anatsogolera mabungwe ofufuza a CODESRIA ku Dakar ndi UNRISD ku Geneva. Mpaka imfa yake mu 2020 iye ankaphunzitsa kuti maiko a ku East Asia amene anatukuka mofulumira anatero Boma liri patsogolo, ndi kuti kufooketsa maboma a mu Africa kunali kuthyola khasu lolimira chitukuko.

Amayi ndi abambo, umboni wonsewu ndi woona. Komabe mbali inayo iyenera kupatsidwa mpata, ndipo mboni yake yoyamba ndi fodya wa ku Dowa konkuno.

Alimi a ku Dowa anayamba kulima fodya wa chikopa m'zaka za m'ma 1920, ndipo kuyambira mu 1926 malonda ake ankayendetsedwa ndi bungwe la atsamunda la Native Tobacco Board. Ufulu utabwera, ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inapitiriza kukhala wogula yekhayo wa fodya, thonje ndi mtedza wa mlimi wamng'ono. Mu 1982 akatswiri awiri, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, anaonetsa kuti ADMARC inkagula mbeuzi pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene inkagulitsira kunja, ndi kuti phindu lake lambiri linkapita kukatukula maesiteti. Pamwamba pa izi, lamulo la mbeu zapadera linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale. Amene ankafuna kumulima anayenera kukakhala tenanti pa esiteti ya munthu wina. Mfundo yoyamba ya Berg, yakuti mlimi akulipidwa pang'ono, inali kunena za mlimi wa pa Madisi ndithu.

Kuyambira mu 1990, potsatira malamulo a ngongole zomwe zija, alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale kudzera m'makalabu ndi kukamugulitsa okha ku okushoni. M'zaka zochepa iwo ndi amene anakhala olima bale wochuluka m'dziko muno. Zigafa zimene ziri mbali zonse za mseu kuchokera ku Mponela mpaka ku mtsinje wa Bua, nyumba zamalata, ngolo ndi ana amene anaphunzira ndi ndalama za ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, zonsezi ndi zipatso za ufulu wa malonda. Munthu amene amatukwana nzeru za Berg ali tsonga pa belo la bale aziyamba wayang'ana chimene wakhalira. Ndi zoona kuti bale anabwera ndi mavuto ake, monga kugwa kwa mitengo fodya akachuluka, kubwezedwa kwa mabelo ndi kudulidwa kwa ndalama zambiri. Walira mvula walira matope. Koma palibe mlimi wa ku Dowa amene angavomere kuti lamulo lakale lija libwerere.

Oikira kumbuyo Berg amanenanso kuti njala ya 2002 siyenera kusenzetsedwa munthu mmodzi. Malangizo anali ochepetsa chimanga cha m'nkhokwe, koma amene anachigulitsa mpaka kusesa pansi anali Amalawi, ndipo za momwe chinagulitsidwira panabuka mafunso aakulu a katangale. Amakumbutsanso kuti Berg anapempha chithandizo chowirikiza kawiri, chimene chikanamanga miseu ndi zina zofunika pa malonda, koma okongoza ndalama anaumirira pa kudula.

Mboni yao yotsiriza ndi makuponi eni akewo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2008/09 feteleza atakwera mtengo pa dziko lonse, ndondomekoyi inadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse ya dziko. Pulofesa Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College ndi mnzake Andrew Dorward, amene anaifufuza kwa zaka zambiri nalemba buku la nkhaniyi mu 2013, anapeza kuti inathandizadi, koma kuti phindu lake linkachepa chifukwa cha kuchedwa kwa feteleza, kusokonekera kwa makuponi ndi kulephera kufikira osowa enieni. Akatswiri ena, Jacob Ricker-Gilbert ndi Thomas Jayne, anapeza kuti gawo lina la feteleza wotsika mtengo linkangolowa m'malo mwa amene alimi akanagula ndi ndalama zao. Ndipo ngakhale ndondomekoyi inapitirira zaka zambiri, nikulitsidwa mu 2020 pa mtengo wa K4,495 pa thumba, dziko lino linavutikabe ndi njala mvula itavuta mu 2016 ndi mu 2024. ADMARC nayo inafika potsekedwa mu 2022 kuti ikonzedwenso, chifukwa cha ngongole ndi kusayenda bwino kwa ntchito. Zimene Berg ananena za mabungwe a Boma sizinali nthano.

Tsono chigamulo ndi chotani? Berg anali ngati sing'anga amene anazindikira bwino nthenda, koma napereka muyeso umodzi wa mankhwala kwa wamkulu ndi kwa khanda. Pamene ananena kuti mlimi alipidwe mtengo woyenera ndi kuti apatsidwe ufulu wolima ndi kugulitsa chimene akufuna, ananena zoona, ndipo mau amenewo akadali ndi moyo. Pamene anakhulupirira kuti Boma likangochoka msika udzamera wokha ngati bowa, analakwa, ndipo mbali imeneyo ya nzeru zake inatsutsidwa ndi nkhokwe zopanda kanthu. Pa nkhani ya kwacha ananena theka la choonadi. Mlimi wa fodya amene mtengo wake umawerengedwa m'madola amapindula kwacha ikagwa, koma feteleza nayenso amagulidwa kunja ndi madola. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mayi wolima chimanga chokha cha pakhomo analandira bala lokha, popanda mankhwala.

Boma la Dowa liri ndi chitsanzo chake chosonyeza kuti mbali ziwirizi zimafunana. Mu 2006, pamene dziko lonse linakolola chimanga chochuluka, madera ena a kumpoto kwa Dowa anakhudzidwa ndi ng'amba ndipo sanakolole. Kuyambira mu December 2006 mpaka mu April 2007, bungwe la Concern Worldwide linapereka ndalama m'malo mwa chimanga kwa mabanja oposa 10,000, ndipo anthu anakagula okha chakudya pa misika. Njira imeneyi inatheka chifukwa m'dziko munali chimanga chimene feteleza wotsika mtengo anathandiza kubala, ndiponso chifukwa panali amalonda ochinyamula kuchokera kumene chinachuluka kupita kumene chinasowa. Dzanja la Boma linadzaza nkhokwe, ndipo miyendo ya wamalonda inafikitsa chimangacho pa mudzi. Chimodzi chikanasowa, ndalama zija zikanakhala mapepala chabe.

Pa chifukwa chimenechi pali zinthu zimene Boma, Chipani ndi mlimi ayenera kugwiritsitsa, yense pa udindo wake.

Boma liyenera kukhalabe pa nkhani ya chakudya, pakuti dziko lokolola kamodzi pa chaka, lopanda doko la panyanja, silingasiye moyo wa anthu ake m'manja mwa msika wokha. Nkhokwe za dziko zizikhala ndi chimanga ndipo ziziwerengedwa poyera. Feteleza azifika mvula isanagwe, chifukwa thumba lofika mu January lataya kale theka la ntchito yake. Misika ya Boma izitsegulidwa ndi ndalama pa nthawi yokolola, mavenda asanasese mbeu pa mtengo wolira. Komanso ndalama za ulimi zisathere pa feteleza yekha, pamene miseu ya m'mapiri a Ntchisi, ulimi wothirira ndi alangizi a zaulimi zikudikira.

Atsogoleri a Chipani ayenera kukumbukira kuti mdani wamkulu wa feteleza wotsika mtengo amakhala pafupi. Ndi munthu amene amalemba maina a akufa ndi midzi yosakhalapo, amene amafunsa kangachepe pa mzere, ndi amene amasiya mayi wamasiye kuti alembe mlamu wake. Munthu wotere amapereka umboni kwa onse amene amati Boma silingayendetse kanthu. Wapampando wa nthambi amene aona zotere nakhala chete wagulitsa anthu ake. Chithandizo cha Boma ndi cha Amalawi onse, osayang'ana chipani, mpingo kapena mtundu.

Mlimi naye ali ndi gawo lake. Wogulitsa mwai wake wa feteleza kwa venda chifukwa cha ndalama ya tsiku limodzi wagulitsa nsima ya ana ake ya chaka chonse. Nthaka ya kuno yatopa ndi chimanga cha chaka ndi chaka, ndipo feteleza wothiridwa pa nthaka yotopa sabweza mokwanira. Manyowa, mapesi okwiriridwa m'munda, ndi kasinthasintha wa chimanga ndi soya, mtedza ndi nandolo ndi zimene zimadzutsa nthaka, ndipo sizifuna ndalama zakunja. Pogulitsa mbeu, alimi amene asonkhanitsa matumba ao m'kalabu kapena m'kopaletivi amayankhula ndi wogula maso ndi maso, pamene woyenda yekha ndi ndowa yake amalandira mtengo umene wauzidwa. Mutu umodzi susenza denga.

Elliot Berg anamwalira mu 2002, chaka chomwe Malawi ankalira maliro a njala. Akatswiri adzapitiriza kutsutsana za iye m'mabuku, ndipo ndi bwino kuti atero. Koma mlimi wa pa Madisi ali ndi muyeso wake woyesera nzeru za katswiri aliyense, wakunja kapena wa konkuno, wokonda msika kapena wokonda Boma. Muyesowo ndi nkhokwe yake m'mwezi wa February, ndi ndalama imene imatsala m'thumba akabweza ngongole za fodya. Nzeru imene yadutsa pa muyeso umenewu isungidwe, ngakhale itachokera kwa mlendo. Imene yalephera isiyidwe, ngakhale itakhala yokoma m'makutu.